Kuyamwa Kwachisanu kwa Rokaya

Lamulungu, 5 Novembala

M'dzina la Mulungu Wachifundo. Ndine Samah, mkazi wa Atef, make Rokaya. Ndili pa bedi 7, wodi ya amayi odwala mafupa, kuno ku Damanhour. Kope ili wandipatsa Mis Mervat, nesi wa masana. Akuti ndizilemba ululu katatu pa tsiku, kuyambira 0 mpaka 10, ndi mankhwala amene ndamwa. Manambalawo ndikulemba kutsogolo, kumene iye aziwona. Izi ndikulemba kumbuyo, ndi zanga.

Ndilembe mmene zinayambira ndisanaiwale. Zaka ziwiri zapitazo ndinagwa pa masitepe nditasenza silinda ya gasi. Kuchokera tsiku limenelo msana sunakhalenso wanga. Masiku asanu ndi anayi apitawa, ku kiliniki ina m'tauni muno, anandiwotcha mitsempha. Singano zinayi, ziwiri mbali iyi, ziwiri mbali iyo, akuyang'ana pa kanema, kenako magetsi n'kutenthetsa nsonga zake. Anati mtsempha ukapsa, ululu usowa podzera. Anati masiku oyamba kudzawawa pang'ono.

Pang'ono!

Lachinayi lapitali unayamba moto. Si ululu wakale uja wolemera ngati mwala. Uwu uli ngati munthu wandithira mafuta owira kuyambira m'chiuno kumanzere, kutsika m'tako mpaka pantchafu. Chovala chikangokhudza khungu ndimakuwa. Dzulo ndinawerama kuti ndinyamule Rokaya, motowo unandimenya, manja anamasuka okha. Anagwera pa matiresi. Pa matiresi, Mulungu atamandike. Lero Atef wabwereka galimoto, wandibweretsa nditagona kumbuyo.

Rokaya ali ndi miyezi inayi. Anabadwa masiku asanakwane. Sadziwa china koma bere langa. Ana saloledwa kugona muno. Wabwerera kumudzi ndi apongozi anga, Haja Nabawiya. Pamene amatuluka naye pakhomo anali m'tulo, sanadziwe kuti ndatsala.

Ululu: 9, 9.

Lolemba, 6 Novembala

6 koloko amayeza kutentha kwa thupi ndi kuthamanga kwa magazi. Kenako wokolopa ndi madzi ake onunkha mankhwala. Kenako mkate, nyemba ndi katchizi. Sindinadye.

Anandilowetsa m'makina ojambula m'kati mwa thupi, aphokoso ngati chigayo. Kugona chagada mphindi makumi awiri. Ndinaluma mpango mpaka unanyowa.

Adokotala Hossam anabwera cha m'ma 11. Ndi wamfupi, amalankhula mofulumira. Ndalemba zimene ndinagwira.

"Msana sunawonongeke. Singano zinalowa pamalo pake. Koma kamtsempha kena ka pakhungu kakwiya ndi kutenthako. Zimachitika kwa anthu ena."

"Kakwiya mpaka liti, adokotala?"

"Milungu itatu, mwina isanu ndi umodzi. Tikakagwira msanga, kagona."

Mankhwala: kapisozi wofiira, m'mawa ndi madzulo, wogonetsa mtsempha. Piritsi loyera laling'ono, katatu pa tsiku, la ululu. Jakisoni wochotsa kutupa, lero lokha.

Atatembenuka kuti azipita anawona chovala changa chanyowa pachifuwa.

"Mukuyamwitsa?"

Ndinati inde, ndinawauzanso kuti anabadwa mwezi wachisanu ndi chitatu.

"Ndiye imani kaye. Awiriwa pamodzi amalowa mumkaka. Mwana wamng'ono choncho akhoza kugona tulo toiwala kupuma. Muzifinya n'kutaya kuti usaume. Iye amwe wa m'chitini."

Anazinena ngati akunena kuti tsekani zenera.

Pa bedi 8 pali amake Shehab. Amagulitsa nkhuku pamsika, anaterereka pa madzi osambitsira nkhukuzo n'kuthyoka fupa la m'chiuno. Pakamwa sipanathyoke.

"Akuti anakuwotcha ndi magetsi? Mwana iwe, ukanabwera kwa ine. Ndimawawula nkhuku makumi asanu pa tsiku, palibe inabwerako kudzadandaula."

Ndinaseka, kusekako kunandibaya.

Masana Mis Mervat anandigwira mpaka ku sinki. Ndinafinya mabere onse awiri. Mkaka unayenda woyera mpaka pabowo. Ndinatsegula mpopi kuti ndisauwone.

Ululu: 9, 8, 8. Mankhwala ndamwa onse.

Lachiwiri, 7 Novembala

M'mawa 7. Kapisozi akugwira. Mutu ukuzungulira, koma ndafika kuchimbudzi ndekha nditagwira khoma.

Alendo amalowa 2 koloko, 4 koloko amawathamangitsa. Atef anabwera ndi nsapato zake za ku madamu a nsomba, magwafa ali m'jumbo. Anakhala pampando osandiyang'ana.

"Rokaya ali bwanji?"

"Ali bwino."

"Atef, ndiyang'ane."

M'pamene ananena. Botolo akulikana. Agula nsonga za mitundu itatu, zonse akuzilavula. Akamuthira ndi supuni, theka limabwerera. Walira mpaka mawu atha, akungotsegula pakamwa.

"Ndiye kuyambira Lamulungu wadya chiyani?"

Anayang'ana ku bedi 8 n'kutsitsa mawu. "Sabrin wamuyamwitsa. Kawiri. Dzulo amayi ali kumunda, ndi lero m'mawa. Lero amupeza."

Sabrin ndi mkazi wa Medhat, mkulu wake wa Atef. Nyumba ndi imodzi: Haja pansi, ife pakati, iwo pamwamba. Mwana wake Ziad ali ndi miyezi isanu ndi iwiri, ndipo mkaka ali nawo wokwana mapasa.

Ndinati Mulungu amudalitse Sabrin.

"Amayi sananene choncho. Amulanda mwana ali pabere. Msewu wonse wamva."

Sindinafunse chifukwa, ndinadziwa. Pa phwando la dzina la Rokaya, Haja anamugoneka pambali pa Ziad pamaso pa abale onse n'kunena kuti uyu ndi wa uyu. Amuna anawerenga pemphero la Fatiha, lomangira pangano. Ine ndinaseka, ndinkayesa nthabwala za paphwando. Koma mwana akayamwa kwa mkazi wina kasanu, kuyamwa kokhuta mpaka kusiya yekha, mkaziyo ndi mayi wake pamaso pa Mulungu, ndipo ana a mkaziyo ndi abale ake a bere limodzi. Ziad adzakhala mlongo wake. Ukwati palibe, lero ndi muyaya.

Amake Shehab anali atatseka maso, makutu ayi.

"Mkwati sanamere dzino, mkwatibwi akufa ndi njala, apongozi akuwerenga mabere. Ukwati wabwino umenewo! Mudzandiyitane, nkhuku ndidzabwera nazo."

Atef anayang'ana nsapato zake.

Ndinati, "Mawa usabwere. Lachinayi ubwere naye, ndidzamuyamwitsa ndekha."

"Nanga mankhwala aja?"

"Adokotala ati pofika Lachinayi ndikhoza."

Ndinanama. Ndinali ndisanamunamizepo chiyambire.

Madzulo ano kapisozi ndi piritsi ndinazibisa pansi pa lilime. Nesi atadutsa ndinazilavulira m'kansalu n'kulowetsa m'pilo. Mawa lonse thupi litsuke, Lachinayi mkaka ukhala woyera. Kutsogolo kwa kope ndalemba kuti ndamwa. Mulungu andikhululukire. Amayi anga akanakhala moyo bwenzi nditawafunsa.

Lachitatu, 8 Novembala

9. Masana 10.

Moto wabwerera, wabwera ndi abale ake. Tsopano pali china chobaya ngati waya, chimayambira m'chiuno mpaka kuseri kwa bondo, osachenjeza. Bulangeti sindikufunda. Mphepo ya fani ikuwawa. Ndaswali ndi maso okha.

Sabrin anayimba foni, akunong'ona.

"Samah, ndamuba pamene Haja amaswali. Ndamuyamwitsira m'bafa ngati wakuba."

"Kangati tsopano?"

"Katatu. Wakoka ngati mwana wa njati, mpaka ndamva kumsana. Samah, ine za ukwatizo sindili nazo kanthu, Ziad adzapeza wake. Koma mwana ndi wako. Ndiuze chochita."

Ndinati foni ikutha moto.

Ndilembe choipa. Nditamva kuti wakoka bwino ndinayenera kuthokoza. Koma mtima unandiwawa. Ndinaganiza: wagona pa dzanja lake, wamva fungo lake, wagwira chala chake mmene amagwirira changa.

Ndafinya kawiri. Watuluka wochepa, sunakwane theka la kapu ya tiyi.

Amake Shehab andiwona ndikulavula. Anangotembenuzira nkhope kukhoma. Kukhala chete kwawo kwandiwopsa kuposa pakamwa pawo.

Dzanja latopa.

Lachinayi, 9 Novembala

Ndikulemba pang'onopang'ono, ndi zambiri.

M'mawa adokotala Hossam anawerenga manambala anga n'kuchita tsinya.

"Lachiwiri 7, dzulo 10? Sizikumveka." Anandikhudza ndi thonje pantchafu, ndinakuwa mpaka bedi yakumapeto inadzuka. Anauza Mis Mervat kuti awonjezere kapisozi. Kenako anakhala m'mphepete mwa bedi, chimene sanachitepo. "Mverani, mayi. Mtsempha uli ngati mwana. Ukausiya ukulira nthawi yaitali umazolowera, ngakhale chowawa chitatha umangolirabe. Ndili nawo anthu amene akhala nawo moto umenewu zaka. Sindikufuna inu mukhale mmodzi wa iwo. Muli ndi zaka zingati?"

Ndinati makumi awiri ndi ziwiri. Anapukusa mutu n'kupita.

2 koloko analowa Haja, Rokaya ali m'manja, Atef ali pambuyo ndi mapoto. Denje, bakha wowotcha, mpunga, ndi fulasiki ya helba, chakumwa chobweretsa mkaka. Haja anapatsa moni bedi iliyonse, anagawira aliyense nyama. Anthu amawakonda Haja. Inenso sindinadane nawo.

Atavundukula shawelo ndinamuwona mwana wanga. Nkhope yachepa, maso akula. Timilomo tauma. Anandiyang'ana nthawi yaitali ngati akufuna kukumbuka kumene anandiwona.

Ndinagona chakumanja. Haja anamuika pabere. Anagwira! Anakoka katatu, kanayi, ndinamva mkaka ukubwera, ndinati Mulungu wandimva. Kenako anatambasula kamwendo, mmene amachitira akasangalala, n'kundiponda m'chiuno kumanzere.

Sindikudziwa mawu amene anatuluka mwa ine. Akuti anamveka mpaka ku masitepe. Rokaya anasiya bere, anawuma thupi lonse, analira kulira kopanda mawu kuja. Tinayesanso. Anatembenuza nkhope. Tinayesa bere lina. Anakankha ndi timanja. Mwana wanga akundiwopa.

Atef anatuluka naye pakhonde. Haja anathira helba m'kapu.

"Imwa. Mawa ayesanso."

"Haja, mkaka ukuchepa. Sabrin ali nawo."

Anaika kapu pansi. "Ukuyesa ndilibe mtima? Lero m'bandakucha ndamupereka ndekha kwa Sabrin, ndi manja awa. Kachinayi. Ndinaima pakhomo ndikulira. Koma kachisanu ayi."

"Ndi ana, Haja. Ndani akudziwa za zaka makumi awiri?"

"Ndikudziwa ine. Mwana wanga Hanaa ndinamupereka kwa alendo a kutali ku Matrouh. Anthu aulemu, ovala bwino, olankhula mofatsa. Zaka zisanu ndi zinayi ndamuwona katatu. Ulendo womaliza anali ndi dzino lothyoka, akuti anagwa. Ndinamufunsa, wagwa kangati mwana wanga? Anangoseka atatseka pakamwa." Anapukuta maso ndi nsonga ya mpango. "Uyu sadzachoka pakhomo panga. Adzakwera masitepe khumi ndi awiri basi, wafika ku ukwati. Akalira, bambo wake adzamva pansi. Iwe sunabereke wamkazi n'kumuwona akukwera galimoto ya alendo. Udzandithokoza ndili m'manda."

Inenso ndinabwera pa galimoto ya alendo.

Atapita, Mis Mervat anabwera kudzasintha nsalu chifukwa helba inatayikira. Ananyamula pilo, kansalu kaja kanagwa. Makapisozi anayi, mapiritsi asanu ndi limodzi, ena atasungunuka theka. Anawayala pa tebulo mmodzimmodzi.

"Make Rokaya. Ichi n'chiyani?"

Amake Shehab anati, "Akusunga mbewu, Mis. Adzadzala akatuluka."

"Inu khalani chete, munadziwa!" Anatembenukira kwa ine, maso ali psu. "Ine ndikulemba kuti wamwa. Adokotala akuwonjezera poganiza kuti sakugwira. Tsiku limene ukanaganiza zomeza, bwenzi utameza mlingo umene thupi lako silinazolowere, ife n'kumathamanga nawe. Ukufuna kundipha ine kapena iwe?"

Ndinamuuza zonse. Botolo, Sabrin, Ziad, kanayi. Ndinayesa andinyoza kuti ndife akumudzi. Koma iye anati kwawo kunachitikanso zotere, koma mosemphana: azakhali ake anazindikira ali ndi ana atatu kuti mwamuna wawo anayamwa bere limodzi ndi iwo. Sananene mmene zinathera.

"Mawa abwere naye, ndikamuike pasikelo ndekha. Abwerenso ndi Sabrin ameneyo. Madzulo ano ukumwa?"

"Mundipatse mpaka mawa, Mis."

Analemba pa pepala lake kuti wakana. Anati tsopano ndizikana poyera.

Ndamuyimbira Sabrin. Ndati mawa ubwere. Anati Haja salola. Ndati uwauze kuti ndikufuna undisambitse, anesi sasambitsa bwino.

10, 10, 10. Palibe nambala yoposa, ndafunsa.

Lachisanu, 10 Novembala

Anafika itatha swala ya masana. Haja ali ndi Rokaya, Sabrin ali ndi Ziad paphewa, Atef pambuyo. Mis Mervat sanadikire moni. Anatenga Rokaya n'kutsika naye ku wodi ya ana, Atef akumutsatira.

Tinadikira. Haja anasenda nachesi, palibe anadya. Ziad amaseweretsa chingwe cha foni yanga, wonenepa, timikono topindikapindika. Ndinamuyang'ana, ndinayang'ana kumbali.

Anabwerera ndi kapepala. Mis Mervat anawerenga mokweza kuti wodi yonse imve.

"Mwezi watha, makilo asanu ndi magalamu mazana awiri. Lero, anayi ndi mazana asanu ndi awiri. Thewera ndi louma kuyambira m'mawa. Gwirani apa, Haja." Anatenga chala cha Haja n'kuchiika paliwombo. Lalowa m'kati ngati supuni. "Adokotala a ana ati akapanda kuyamwa bwino lero, amugoneka. Diripu pamutu, kapaipi m'mphuno."

Haja anachotsa chala msanga. "Ndiye amugoneke. Kuno n'kuchipatala, adziwa chochita. Masiku ochepa, mayi wake achira."

Kapaipi ndikukadziwa. Atabadwa anakhala nako masiku khumi ndi awiri m'kabokosi kagalasi, ine ndili kunja, mabere akutuluka okha. Anamumeta pambali pa mutu posaka mtsempha, anamubaya kasanu asanaupeze. Ndinalonjeza pagalasi pomwepo kuti sadzabayidwanso ine ndili moyo.

Ndinadzuka. Sindikudziwa mmene ndinadzukira, ndinangowona ndakhala tsonga, thukuta lili chuchuchu.

"Singano ndalowa nazo ine, zakwana. Mwana wanga sabayidwa bere lili pomwepa. Mis, mupatseni Sabrin."

"Samah!" anatero Haja.

Mis Mervat sanasunthe. Anayang'ana Atef. Tonse tinayang'ana Atef.

"Atef, ndiwe bambo wake. Nena."

"Amayi akuti..."

"Sindikufunsa amayi. Amayi ndawamva dzulo, ndipo sananame. Ndikufunsa iwe. Unali nane pagalasi paja."

Anaima pamenepo, munthu wamtali ngati chitseko, manja ali lende. Anayang'ana amayi ake. Anayang'ana mwana. Kenako anatenga Ziad paphewa pa Sabrin, anakoka katani kuzungulira bedi, iye n'kutsalira kunja. Mwamuna sawona mkazi wa mkulu wake akuyamwitsa. Yankho lake tonse tinalimva.

Sabrin analandira Rokaya kwa Mis Mervat n'kukhala kumiyendo kwanga. Anandiyang'ana. "Samah, watsimikiza? Izi sizibwerera."

"Muike."

Anatchula dzina la Mulungu n'kumuika. Rokaya sanasake n'komwe, amalidziwa kale. Anagwira, tinamva kumeza. Gudyu, gudyu. M'katani monse munali zii, kumeza kokhako.

Haja anali pampando pafupi kwambiri. Tonse tinkadziwa kuti mwana akachotsedwa asanakhute, ena amati sikuwerengedwa. Ndinawona dzanja lawo likunyamuka pabondo. Linafika pa shawelo. Ine sindikanatha kulitchinga, sindikanatha ngakhale kuwerama.

Kuseri kwa katani kunamveka amake Shehab, koma osati ndi mawu awo a pamsika. "Haja, munapita ku Makka inu. Musiyeni adye."

Dzanja linakhala pamenepo. Kenako linakoka shawelo n'kufunditsa kaphazi kamene kanali panja.

Sabrin anamusinthira bere lina. Anayamwanso. Timaso tinayamba kutsekeka, kadzanja kanagwira kolala ya Sabrin. Chovala changa chinanyowa mbali zonse ziwiri. Ndinaika mikono pachifuwa. Palibe anandiyang'ana, ndipo ndinathokoza.

Anasiya yekha. Pakamwa panatseguka, kamkaka kakutsika pachibwano. Anagona.

Sabrin ankalira. Anati, "Ndikhululukire, mchemwali wanga." Ndinati ukhululukidwe chiyani, ndiwe mayi wake. Mawu amenewo anatuluka ngati ndikulavula mwala. Koma ndi owona, ndipo ndiyenera kuwazolowera.

Ndinayang'ana Haja. Ndinkadikira kuti andikalipire, kapena atuluke. Anati, "Kope lako lija lili kuti?"

Ndinalitulutsa.

"Tsegulani katani. Atef, lowa. Mis, musachoke. Inunso a nkhuku, dzina lanu lenileni ndani?"

"Fathiya, Haja."

"Lemba, mtsikana iwe. Anthu amaiwala. Zaka zikapita, ine ndili m'manda, wina adzati kanali kanayi, wina adzati katatu, adzawakwatitsa, tchimo lidzandipeza komweko. Ndataya ukwati, sinditaya ndi Mulungu yemwe. Lemba zimene ndikunena."

Ndalemba pa tsamba lapakati, kuti lidzang'ambidwe bwino n'kusungidwa pamodzi ndi chikalata chake chobadwira. Ndikukoperanso pano:

Lero Lachisanu, 10 Novembala, Rokaya mwana wa Atef wayamwa kwa Sabrin mkazi wa Medhat kachisanu, kuyamwa kokhuta, wasiya yekha. Sabrin ndi mayi wake. Medhat ndi bambo wake. Ziad ndi mlongo wake, pamodzi ndi onse amene Sabrin adzabereke. Mboni: Mervat, nesi. Fathiya, make Shehab. Atef, bambo wake womubereka.

Onse anasayina. Haja sadziwa kulemba. Anatambasula chala chachikulu, Mis Mervat anachipaka inki ya cholembera, anadinda pansi penipeni. Anadinda mwamphamvu mpaka pepala linatsala pang'ono kubooka.

Belu la 4 koloko linalira. Sabrin ananyamula Rokaya, anamubweretsa pafupi ndi nkhope yanga kuti ndimununkhize pamutu. Akununkha mkaka, koma si wanga. Atef anandigwira phazi lakumanja, lokhalo limene silipweteka, n'kutuluka.

Haja anatsalira. Anasonkhanitsa mapoto, anamanga mpango, sanandipsompsone ngati masiku onse. Sindikudziwa ngati adzandipsompsonanso. Atafika pakhomo anatembenuka. Mis Mervat anali ataima pambali panga ndi kambale, kapisozi wofiira ndi piritsi loyera.

"Ukudikiranso chiyani?" anatero Haja. "Imwa. Zimene wagwetsa lerozi zisagwe pachabe."

Ndamwa. Ndatsegula pakamwa, ndakweza lilime kuti awone. Haja anayang'ana ali pakhomo pomwepo, anagwedeza mutu kamodzi, n'kutsika masitepe.